Khola la nkhuku pasukulu lisakhale chibalo

Ambiri a ife amene tikuphunzira zauphunzitsi pakoleji pano tinakula tikudziwa kuti ntchito yamanja pasukulu ndi chibalo. Ukachedwa, ukakumbe dzenje la zinyalala. Ukalongolola m'kalasi, ukatchetche udzu kuseri kwa ofesi. Ukajomba, ukasese khola la nkhuku za aphunzitsi aakulu. N'chifukwa chake sitinayenere kudabwa ndi zimene zinatichitikira chaka chatha pasukulu ina yapulayimale yakumudzi kumene tinakayeserera kuphunzitsa. Titapempha pamsonkhano wa makolo kuti ana a Sitandade 6 amange khola ndi kuweta nkhuku zochepa, bambo ena achikulire anaimirira, navula chipewa, nafunsa kuti kodi anawo alakwanji.

Anthu anaseka, koma iwo sanaseke. "Aphunzitsi," anatero, "nkhuku kwathu zilipo. Mwanayu ndamutumiza kuno kuti adzaphunzire zimene kwathu kulibe."

Tsiku lija sitinawayankhe bwino, ndipo mawu awo atitsatira mpaka kuno. Tikufuna kuwayankha pano, pamaso pa anzathu amene akupita m'masukulu chaka chino ndiponso pamaso pa akulu ampingo amene amakhala m'makomiti a sukulu zathu. Ife tikuona kuti khola la nkhuku, likamangidwa ndi ana eni ake, ndipo mphunzitsi akadziwa chimene akulifunira, limaphunzitsa masamu, sayansi, chinenero ndi kasungidwe ka ndalama kuposa mmene bolodi lokha lingachitire. Koma khola lomwelo likhoza kusanduka chibalo chija mosavuta, ndipo tinene kusanade kuti lathu silinathe bwino.

Tiyambe ndi waya, poti ndi pamene ana anatidabwitsa. Komiti ya sukulu inatipatsa waya wa nkhuku wotalika mamita 12, wotsala pantchito ina, woti titchingire bwalo lopalasamo nkhuku. Ana amenewa anali ataphunzira kale kupeza utali wozungulira chinthu ndi kukula kwa malo ake, ndipo m'makope mwawo munali machongi ambiri. Koma titafunsa kuti wayayu timuimike bwanji kuti nkhuku zipeze malo aakulu, pafupifupi onse anati zilibe kanthu, waya ndi yemweyo. Tinawagawa m'magulu n'kuwapatsa chingwe cha mamita 12 ndi zikhomo. Gulu lina linapanga bwalo la mamita 5 m'litali ndi mita 1 m'lifupi, linapeza masikweya mita 5. Lina linapanga 4 ndi 2, linapeza 8. Lachitatu linafananitsa mbali zonse, mamita 3, linapeza 9, ndipo linayamba kuvina kuti lapambana. Apa mtsikana wina wobwereza kalasi, amene tinali tisanamvepo mawu ake, anati bwanji khoma la kuseri kwa sitolo ya sukulu likhale mbali imodzi, waya atchinge mbali zitatu zokha. Anayesa 3, 6, 3. Panatuluka masikweya mita 18, kuwirikiza kawiri malo a gulu lovina lija, waya ali yemweyo.

Funso limeneli m'makalasi akutsogolo amaliphunzitsa ndi zilembo ndi malamulo ovuta. Mtsikanayo analipeza chifukwa amayi ake anamanga bafa motsamira khoma la khitchini pofuna kupulumutsa tsekera. Apa ndi pamene tikanawayankha bambo aja. Zimene zili kwanu mwana amabwera nazo kusukulu. Chimene kwanu kulibe ndi munthu womuuza kuti zimene akudziwazo ndi masamu, n'kumuonetsa kalembedwe kake kuti mawa adzazigwiritse ntchito pa dimba, pa nyumba kapena pa pepala la mayeso.

Zinachitikanso pokhoma zikhomo za khola lenileni. Mmisiri wa pamudzipo amene anatithandiza kuongola ngodya sanabwere ndi sikweya. Anayesa mapazi 3 mbali ina, 4 mbali inayo, n'kumasuntha chikhomo mpaka pakati pa malekezero awiriwo panakwana mapazi 5. Lamulo limeneli ana adzakumana nalo kusekondale litavala dzina la Pythagoras. Ifeyo tinaliloweza tili Fomu 2 osadziwa kuti amisiri akwathu amalipondaponda tsiku ndi tsiku.

Nkhani ya chakudya ndiyo inatitengera nthawi. Tinagula misoti 10 ya Mikolongwe, nkhuku zakuda zija zimene dzina lake lenileni ndi Black Australorp koma zinatenga dzina la malo oswetsera nkhuku a boma ku Chiradzulu. Kholo lina linapereka tambala. Nkhuku yoikira imadya magalamu pafupifupi 120 patsiku. Ana anawerengera kuti nkhuku 10 zizidya makilogalamu 1.2 patsiku, ndiye thumba la makilogalamu 50 likhala masiku 41. Analemba deti pakhoma. Thumba linatha pa tsiku la 33.

Kukanakhala m'kalasi, yankho la 41 likanalandira chongi, nkhani n'kuthera pomwepo. Kukhola nkhuku zinali ndi njala, ndipo ana anayenera kufufuza kumene masiku 8 anapita. Choyamba anakumbukira kuti tambala nayenso amadya ngakhale saikira. Atamuwerengera, masiku anatsika kufika pa 37. Otsalawo anawapeza pang'onopang'ono. Chitini chimene ankapatsira chakudya, atakachiyesa pasikelo ya pachigayo, chinali chachikulu kuposa mmene ankaganizira. Nkhuku zinkamwaza chakudya ndi mapazi chifukwa chodyeramo chinali pansi. Kuseri kwa thumba kunali kabowo ndi ndowe za makoswe. Anakweza chodyeramo kufika pamsana pa nkhuku, nasamutsira chakudya mumgolo wachitsulo, ndipo thumba lachiwiri linafika masiku 36. Kuti yankho la papepala liyenera kukayesedwa ndi zimene zikuchitika, ena a ife tinaphunzira tili kale pakoleji.

Pamwamba pa zimenezi panabwera funso limene mlimi aliyense amagona nalo: tigulitse mazira angati kuti tigule thumba lina? Mtengo wa thumba ndi wa dzira ana anakafunsa okha kumsika. Mwana amene anaona mitengo ikudumpha kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 safuna kumufotokozera nthawi yaitali chifukwa chake tiyenera kufunsanso mtengo mwezi uliwonse. Atawerengera anaona kuti chakudya cha m'sitolo chikudya phindu pafupifupi lonse, ndipo anayamba kusakaniza madeya ndi soya, masamba ndi chiswe. Soya uja amayenera kukazingidwa kaye, chifukwa wamuwisi ali ndi zinthu zolepheretsa nkhuku kugaya chakudya. Kusakaniza kumeneku, zitini zingapo za ichi pa chitini chimodzi cha icho, ndi masamu enanso amene m'buku amawasautsa.

Sayansi inabwera yokha. Nkhuku za Mikolongwe zimaikira bwino koma sizikonda kufungatira ngati zachikuda, choncho agogo ena anatibwereka thadzi lawo limene linali litayamba kale kukakamira pachisa. Tinaliikira mazira 12. Mwana aliyense wakumudzi amadziwa kuti nkhuku imaswa, koma ndi ochepa amene anawerengapo masiku ake, ndipo m'kalasi lathu munalibe amene anaonapo m'kati mwa dzira lamoyo. Patatha sabata imodzi tinatseka mawindo a sitolo ndi masaka, n'kumalowetsa ana gulu limodzilimodzi, tikuunika mazira ndi tochi ya foni. M'mazira ambiri munkaoneka timitsempha tofiira tofalikira ngati mizu, pakati pali kadontho kakuda. Awiri anali oyera mbee, analibe mbewu ya tambala. Ana amene sitinkatha kuwakhalitsa chete mphindi zisanu ankatuluka m'chipinda muja akunong'ona. Pa tsiku la 21 mazira 9 anaswa, ndipo limodzi linali litasukusa. 9 pa 12, magawo atatu mwa anayi, 75 peresenti: njira zitatu zonenera chinthu chimodzi, ndipo nthawi ino anazimva chifukwa zinali ndi milomo ndipo zinkalira.

Mafunso amene anatsatira sitinawakonzekere. Mwanapiye amapuma bwanji m'dzira lopanda khomo? Tinakafufuza usiku kuti tisachite manyazi. Chigoba cha dzira chili ndi timabowo tambirimbiri tosaoneka ndi maso tolowetsa mpweya, ndipo kumutu kwaukulu kwa dzira kuli kathumba ka mpweya kamene mwanapiye amaboola asanayambe kugogomola. Bwanji nkhuku siikira kawiri patsiku? Chifukwa dzira limatenga maola pafupifupi 25 kuti lipangike, ndipo ambiri mwa maola amenewa amathera pa chigoba. Tinaviika chigoba mu viniga, chinachita thovu n'kusungunuka, ana naona kuti chapangidwa ndi laimu. Msoti wina utaikira dzira lofewa, iwo eni anati ukusowa laimu, ndipo anaotcha zigoba ndi mafupa n'kusinjira m'chakudya. Mu Juni, chiperoni chitayamba, chiwerengero cha mazira pa girafu ya pakhoma chinatsika. Kuzizira kunalipo, koma kaikiridwe ka nkhuku kamatsatiranso kutalika kwa kuwala kwa tsiku, ndipo mwezi umenewu ndiwo uli ndi masiku aafupi kuno kwathu. Tinangozindikira kuti tatenga mpira ndi tochi tikufotokoza kupendekeka kwa dziko.

Koma phunziro limene tikuliona lolemera kwambiri ndi la chitopa, chimene ena amati chideru. Palibe mudzi umene sukudziwa mmene chimaseseramo nkhuku nyengo yotentha: mapiko kugwa ngati nkhuku yavala jekete, chitosi chobiriwira, khosi kupindika, m'mawa zitatu, madzulo zisanu. Azungu amachitchula dzina la mzinda wa Newcastle ku England, kumene chinaonekera m'zaka za m'ma 1920. Chimayamba ndi kachilombo ka vairasi ndipo chilibe mankhwala ochiza. Tsabola ndi phulusa zimene timathira m'madzi zimangotonthoza mtima wa mwini nkhuku. Chimene chilipo ndi katemera. Wa I-2, amene amapangidwa konkuno ku Lilongwe, amangodontheza kadontho kamodzi m'diso la nkhuku, ndipo amabwerezedwa miyezi inayi iliyonse. Ana anagwira nkhuku okha pamene mlangizi wa ziweto ankadontheza. Anafunsa chifukwa chake tikupatsa mankhwala nkhuku zosadwala, ndipo yankho lake ndi lomwelo la katemera amene azing'ono awo amakalandira kusikelo. Anaphunziranso chifukwa chake kuthamangira kumsika ndi nkhuku yoyamba kuodzera, monga ambiri timachitira, ndiko kunyamulira mliri kumudzi wina. Zimenezi bambo aja kwawo zinalibe. Mabanja ambiri amataya nkhuku chaka ndi chaka n'kumati ndi mmene zimakhalira.

Za chinenero tinazipeza mwangozi. Tinali ndi kope la khola, mmene ana awiri tsiku lililonse ankalemba zimene aona. Sabata yoyamba tsamba lililonse linali ndi chiganizo chimodzi: "Nkhuku zili bwino." Tinakana. Zili bwino motani? Zadya zonse? Chitosi chili chotani? Ndi iti ikujompha zinzake? Pofika mwezi wachitatu wina analemba ndime yonse yofotokoza mmene thadzi linachenjezera anapiye kabawi atadutsa, ndi mmene onse anazimiririra pansi pa chitsamba. Ana omwewa tikawauza kuti alembe chimangirizo cha ulendo wa kunyanja kumene sanapiteko, ankalemba mizere itatu. Kalata yopempha mlangizi kuti abwere ndi katemera analemba m'Chichewa ndi m'Chingerezi, naikonza katatu, chifukwa ankadziwa kuti ikukawerengedwa ndi munthu amene akhoza kubwera kapena ayi. Anabwera, panjinga yake.

Tinawatumanso kwa agogo awo kukafunsa mawu. Anabwera ndi msoti, chipsolopsolo, lipombo, nthutumba, kusukusa, mawu amene ena a ife okulira m'tauni tinawamvera komweko. Anabwera ndi malo amene nkhuku imafunika pamoyo wa mudzi: mlendo wolemekezeka akafika, pachinkhoswe pamene ankhoswe amasinthana tambala ndi msoti, pabwalo la amfumu pamene wolakwa amalipa nkhuku. Wina anafunsa chifukwa chake ndalama yaing'ono imatchedwa tambala, ndipo tinalowa m'mbiri ya 1971 pamene kwacha ndi tambala zinalowa m'malo mwa mapaundi ndi masheleni. Ambiri anali asanagwirepo ndalama ya tambala, poti masiku ano sigula kanthu.

Tsopano pa ndalama, pamene makola ambiri a m'masukulu amafera. Funso loyamba limene makolo amafunsa chamumtima ndi lakuti mazirawo adya ndani. Ali ndi chifukwa chofunsira. Tonse tikudziwa minda ya sukulu imene ana analima, chimanga chake n'kulowa m'nkhokwe ya munthu mmodzi. Mwana amene wasesa khola miyezi itatu n'kuona thireyi ya mazira ikulowa m'nyumba ya mphunzitsi waphunziradi kanthu, koma si chimene tinkafuna. Ife tinasiya ana asankhe msungichuma, mlembi ndi wowerengera mabuku, ndipo pa Lachisanu lililonse zolowa ndi zotuluka zinkawerengedwa pamaso pa kalasi n'kumatidwa pakhoma. Tsiku lina panasowa ndalama ya mazira awiri. Mkangano wake unatenga phunziro lonse, ndipo zinapezeka kuti anagulitsidwa pangongole kwa mmodzi wa ife, amene anaiwala kulipira. Analipira ana akuonerera. Mazira ena ankaphikidwa n'kudyedwa mosinthana. Dzira limodzi lili ndi magalamu pafupifupi 6 a zomanga thupi, ndipo m'kalasi mmene ana ena amabwera osadya kanthu, limenelinso ndi phunziro, makamaka poti m'madera ena akuluakulu amaletsabe ana ndi amayi oyembekezera kudya mazira. Tikudziwa kuti mumpingo mwathu alipo amene sadya nyama ngakhale mazira. Sitikulimbana nawo. Dimba la masamba kapena mng'oma wa njuchi zikhoza kugwira ntchito yofanana, ngakhale kuti mpiru sulira ukaiwalidwa kuthirira, ndipo kulirako n'kumene kumadzutsa mwana.

Nkhuku sidziwa Sabata, ndipo izi zinabweretsa mtsutso wabwino kuposa umene tikanaukonza. M'kalasimo munali ana a mpingo wathu, a mipingo ina ndi Asilamu. Poyamba zinaoneka zosavuta: opemphera Lamlungu azibwera Loweruka, ife tizibwera Lamlungu. Mnyamata wina wa Pathfinder anati zimenezo sizikumukhalira bwino, chifukwa lamulo la Sabata limakhudzanso wantchito ndi mlendo, ndiye kutuma mnzako si kuthawa mlandu. Tinatsegula Luka 13, pamene Yesu akukumbutsa omutsutsa kuti iwo omwe amamasula ng'ombe kapena bulu tsiku la Sabata kukammwetsa madzi. Ana anagwirizana kuti kusesa, kusakaniza chakudya ndi kutunga madzi zizitha Lachisanu, kugulitsa kudikire, koma kutsegulira nkhuku ndi kuzipatsa madzi ndi chifundo chimene aliyense angachite. Tanthauzo la tsiku lokonzekera analiona ndi maso.

Kwa ife a Adventist nkhani yonseyi siyenera kukhala yachilendo. Buku la Ellen G. White lotchedwa Education, lomwe linatuluka mu 1903, limalimbikitsa kuti ntchito yamanja, makamaka ulimi, ikhale mbali ya maphunziro enieniwo. Sukulu ya Avondale ku Australia, imene inatsegulidwa mu 1897, inaikidwa dala kutchire kuti ophunzira azilima ndi kumanga. Ku Malamulo, kumene ntchito ya mpingo inayamba mu 1902, ophunzira oyambirira ankagawa tsiku pakati pa kalasi ndi munda. Chimene chatsala m'sukulu zathu zambiri ndi khasu lokha. Ganizo limene linali kumbuyo kwa khasulo linatayika, n'kutsala wochedwa akukumba dzenje. Timanena mosavuta pa tsiku la maphunziro kutchalitchi kuti timaphunzitsa mutu, mtima ndi manja, koma pitani mukaone ndani amagwira ntchito yamanja pasukulu ndi chifukwa chake.

Otsutsa ali ndi mfundo zimene sitingazinyalanyaze. Mphunzitsi wa ana 90, wopanda mabuku okwanira, amene akuthamangitsana ndi silabasi ndipo ntchito yake idzayesedwa ndi zotsatira za mayeso a MANEB a Sitandade 8, ali ndi ufulu wofunsa kuti nthawi ya nkhuku aitenga kuti. Yankho lathu ndi lakuti ulimi uli kale pa ndandanda wa maphunziro a kupulayimale, ndipo nkhuku zili kale m'buku. Pano ana amajambula khola m'kope n'kuloweza mayina a matenda. Kuchuluka kwa malo, magawo, peresenti, girafu, kalata: zonsezi zili kale m'silabasi. Khola siliwonjezera mitu, limangoipatsa pokhala. Komabe tisaname kuti silidya nthawi. Limadya, makamaka ya mphunzitsi, amene ayenera kukhala pansi ndi silabasi n'kulemba kuti sabata ino khola likuphunzitsa chiyani. Akapanda kutero, ana amangosesa, ndipo bambo aja amakhala kuti analondola. Ana 90 sangakwane pa nkhuku 11 nthawi imodzi, ndiye pamafunika magulu osinthana, ndi diso loonetsetsa kuti anyamata sakutenga nyundo ndi buku la ndalama n'kusiyira atsikana tsache. Kwathu zinayamba choncho sabata yoyamba popanda wolamula. Palinso za ukhondo: chitosi chimanyamula tizilombo totsegula m'mimba, utitiri umaluma, ndipo khola lopanda mponda giya ndi sopo pakhomo lisatsegulidwe. Nkhuku yofa yokha ikwiriridwe, isapite kukhitchini.

Ndipo nkhuku zimafa. Anapiye awiri anatengedwa ndi likongwe usiku umodzi, atalowa pamene waya sanakwiriridwe pansi. Ana ena analira. Mphunzitsi wina anati n'chifukwa chake zinthu zoterezi n'zosayenera ana. Ife tikuti mwana wakumudzi imfa ya chiweto amaidziwa kale. Chimene sanazolowere ndi kukhala pansi n'kufunsa kuti chalowa pati, talakwitsa chiyani, tikonze bwanji, popanda wina kukwapulidwa.

Cholakwa chachikulu chinali chathu. Tinafika pasukulupo mu Januwale n'kuchoka mu Julaye, tchuthi chachikulu chitayandikira. Tinaganizira za waya, za chakudya, za mazira, koma sitinaganizire za ife eni kuchoka. Panalibe mphunzitsi wokhazikika amene khola linali lake kuyambira pachiyambi. Anzathuwo ankaliona ngati la alendo, ndipo sitingawadzudzule poti sitinawaitane pokonza mapulani. Nkhuku zinagawidwa m'makomo kuti zikasungidwe patchuthi popanda cholembedwa, ndipo si zonse zimene zinabwerera. Katemera woyamba anaperekedwa mu Malichi, wachiwiri anayenera kuperekedwa mu Julaye, sabata imene tinkalongedza zikwama. Mu Okutobala chitopa chinadutsa m'mudzimo. Uthenga umene tinalandira pafoni unati zatsala ziwiri. Yesu ananenapo za munthu woyamba kumanga nsanja asanawerengere mtengo wake, ndipo ife tinaphunzitsapo fanizo limeneli ku Sukulu ya Sabata tisanakalichite.

Choncho pempho lathu kwa akuluakulu a koleji ndi lakuti wophunzira zauphunzitsi asatuluke pano asanakonzepo phunziro la masamu kapena la chinenero lochokera kumunda kapena kukhola, n'kuliphunzitsa anzake akuonera, monga timachitira ndi maphunziro ena onse. Kwa abale ndi alongo amumpingo amene muli ndi sukulu pafupi: malata akale ali kuseri kwa tchalitchi, thadzi lofungatira, luso la kuongola ngodya, n'zimene sukulu ikusowa kuposa ndalama, ndipo kulowa kwanu m'komiti yowerengera mazira kumateteza mphunzitsi ku mayesero ndi ku miseche. Kwa anzathu amene mukupita m'masukulu: musakhome chikhomo musanadziwe mphunzitsi wokhazikika amene adzatsale ndi khola, banja limene lidzasunge nkhuku patchuthi ndi malipiro ake, ndiponso kumene ndalama ya mazira izilembedwa. Yambani ndi nkhuku zochepa zachikuda ngati chakudya cha m'sitolo n'chodula. Deti la katemera wotsatira mulilembe pachitseko cha khola ndi penti. Ife tinalemba ndi choko.